Nyimbo Zathu pa Nsambo Zisanu ndi Imodzi

(KANYIMBO KOTSEGULIRA, GITALA YOKHA. KATSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Tikulankhula nanu omvera, kulikonse kumene mawu ano akukupezani: pa boma pano pa Mchinji, kwa Kamwendo, ku Kapiri, kwa Mkanda, ku Ludzi, osaiwala abale athu a tsidya linalo la Mwami, ku Chipata ndi ku Katete, amene wailesi imawafikira osadinditsa pasipoti. Alimi amene mukuswa mtedza pakhonde, anyamata a kabaza amene mwaima pamthunzi kudikira makasitomala, madalaivala a mathiraki amene mwagona pamzere pa boda kudikira mapepala, khalani nafe. Nkhani yathu lero ndi ya gitala. Koma gitala yake ndi ija yolira yokhayokha, popanda woimba pakamwa, popanda ng'oma, popanda magetsi, imene dziko lonse limaidziwa ndi dzina loti classical.

Ndikuona ena mwatambasula kale dzanja kuti musinthe siteshoni, mukuti zimenezo n'za azungu, ife kuno sitinazimvepo. Taimani kaye. Ngati munakhalapo ndi foni ya Nokia, zija za mabatani zosafa msanga zija, ndiye kuti nyimbo ya gitala ya classical munayenda nayo m'thumba zaka zambiri. Kanyimbo kamene kankalira munthu akakuimbirani, kaja kankasokoneza mapemphero m'tchalitchi ndi milandu pabwalo la amfumu, n'kachidutswa ka nyimbo yotchedwa Gran Vals, imene Francisco Tárrega wa ku Spain anapeka mu 1902. Kampani ya Nokia inangodulapo pang'ono m'zaka za m'ma 1990 n'kuika m'mafoni ake. Tárrega anamwalira mu 1909, osadziwa kuti tsiku lina osintha ndalama a pa boda ya Mchinji azidzapisa m'matumba akamva nyimbo yake.

Tiyambire pa munthu ameneyu, chifukwa m'masiku ake gitala inalibe ulemu. Kwa anthu apamwamba a ku Ulaya, zoimbira zenizeni zinali piyano ndi vayolini. Gitala inali ya m'mabala ndi ya anyamata oyenda usiku. Mbiri imeneyi ifenso tikuidziwa. Si kale kwenikweni pamene mwana akagwira gitala makolo ankati walowerera, ndipo wa gitala akafunsira mbeta, amalume a mtsikana ankayamba atsokomola kaye asanayankhe. Tárrega anaona kuti chida chake chikusowa nyimbo zolemera zoti n'kuimirira nazo pamaso pa anthu, ndiye anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anapeka zakezake, monga Recuerdos de la Alhambra, m'mene zala zitatu zimagunda nsambo imodzi motsatizana, mothamanga, mpaka liwu limamveka ngati silikuduka. Chachiwiri, anatenga nyimbo zimene akatswiri ngati Beethoven ndi Chopin analembera piyano n'kuzikonzanso kuti zikwane pa nsambo zisanu ndi imodzi. Ntchito yachiwiriyi, yotenga nyimbo ya mwini n'kuikonzanso kuti ilire pa chida china, ndiyo mutu wa nkhani yathu.

Amene anaipititsa patali ntchitoyi ndi Andrés Segovia, wa ku Spain komweko, amene anabadwa mu 1893 n'kumwalira mu 1987. Iyeyu anayamba kujambula mbale zake ku London mu 1927, nthawi ya galamafoni yopukusa ndi dzanja, pamene mbali imodzi ya mbale inkangotenga mphindi zitatu kapena zinayi. Mu 1935, mumzinda wa Paris, anaimba pa gitala nyimbo yaitali ya Johann Sebastian Bach yotchedwa Chaconne, imene mwini wake analembera vayolini. Alipo amene anaona ngati n'chipongwe kutenga nyimbo yolemekezeka chotero n'kuipereka kwa chida cha m'mabala. Lero ndi nyimbo imene akatswiri a gitala amayesera nayo mphamvu zawo. Chimodzimodzinso Asturias ya Isaac Albéniz: inalembedwera piyano, koma inakhazikika pa gitala mpaka anthu ambiri amayesa kuti inabadwira pomwepo.

Koma amene ndikufuna mumumvetsetse kwambiri ndi Agustín Barrios wa ku Paraguay, dziko lopanda doko la panyanja yamchere, lozunguliridwa ndi maiko ena monga lilili lathu lino. Barrios ankamudziwa Bach, ndipo nyimbo za ku Ulaya ankaziimba bwinobwino. Komabe anatchera khutu ku magule a anthu wamba a kwawo ndi a maiko oyandikana nawo, n'kuwaika pa gitala ndi luso lomwelo limene ankaimbira za Bach. Panthawi ina ankakwera pansanja atavala nthenga kumutu, akudzitcha Mangoré, dzina la mfumu yakale ya mtundu wa Timbú. Anali m'gulu la oyambirira kujambula gitala yotere pa mbale, kuyambira m'zaka za m'ma 1910. Anamwalira ku El Salvador mu 1944 alibe chuma, ndipo dziko linamuiwala. Chinamuukitsa n'chiyani? Mapepala amene anasiya m'manja mwa anzake, ndi mbale zija. Nyimbo zake zina anthu anachita kuzilemba pomvetsera mbale zakalezo mobwerezabwereza. Mu 1977 John Williams, katswiri wobadwira ku Australia, anatulutsa chimbale cha nyimbo za Barrios zokhazokha, ndipo kuchokera pamenepo dzina lake linabwerera pakamwa pa anthu.

Ntchito yokonzanso nyimboyi sinasankhe kuti iyi ndi ya m'holo ya anthu a mataye, iyi ndi ya mumsewu. Miguel Llobet, wophunzira wa Tárrega, anakonza nyimbo za m'midzi ya kwawo ku Catalonia. Mu 1977, Toru Takemitsu wa ku Japan anakonzera gitala nyimbo 12 zotchuka, zinayi mwa izo za gulu la Beatles. Ndiye mukaunguza bwino nyimbo zimene oimba gitala ya classical amanyadira, mupeza kuti zambiri n'zobwereka: zina ku piyano, zina ku vayolini, zina kudansi, zina kwa agogo akumudzi. Aliyense anabweretsa za kwawo. Funso langa lero n'lakuti, nanga zathu zili kuti?

(NYIMBO PANG'ONO)

Musaganize kuti kuno sitinayambepo. Gitala inafika m'midzi mwathu pamapewa a anthu obwera ku ulendo: ochokera ku migodi ya ku Joni, ku Salisbury ndi ku Copperbelt, komanso asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, kamene kankagulidwa mapaundi asanu. Masiku amenewo kuno ku Mchinji kunkatchedwa Fort Manning, ku Chipata kuli Fort Jameson, MBC kulibe. Munthu wakuda wa ku Nyasaland akatsegula wailesi ankamva Lusaka, ndipo ku Lusaka kunali Alick Nkhata.

Nkhata, amene anabadwa mu 1922, anali muulutsi komanso woimba gitala. Anagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene ankayendayenda ndi makina kujambula nyimbo za makolo kuno kum'mwera ndi pakati pa Africa. Atalowa ntchito pa wailesi, Nkhata ankatenga nyimbo za m'midzi, za Chinyanja, za Chibemba ndi za zilankhulo zina, n'kuzikonzanso ndi gitala pamodzi ndi mawu a anzake ogwirizana bwino, kenako n'kuzibwezera kwa eni ake kudzera pa wailesi. Mayi wa kwa Mlonyeni ndi mayi wa kwa Mpezeni ankamva nyimbo imodzi nthawi imodzi, aliyense n'kumati ndi yakwathu. Nkhata anafa imfa yomvetsa chisoni mu 1978 ku Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi munda wake. Mukapita ku Lusaka lero mupeza msewu wa dzina lake, ndipo likulu la wailesi ya ZNBC lili mumsewu womwewo.

Ku Katanga, m'dziko la Congo, kungodutsa Copperbelt pang'ono, Tracey yemweyo anakumana ndi mnyamata wina mu 1952, m'tauni ya Jadotville imene lero ndi Likasi. Dzina lake Jean Bosco Mwenda. Anamujambula akuimba nyimbo yotchedwa Masanga, ulendo wina ndi mawu, ulendo wina gitala yokha. Bosco ankaliza nsambo ndi zala ziwiri basi, chachikulu ndi chamkombaphala, koma womvera angalumbire kuti pali anthu awiri. Tamvani ulendo wa nyimbo imeneyi. Mu 1956 William Walton wa ku England analowetsa kachigawo kake m'nyimbo ya gulu lalikulu la zoimbira imene analembera chikondwerero cha mzinda wa Johannesburg. Mu 1961 David Rycroft anakhala pansi n'kuilemba papepala, liwu ndi liwu. Ndipo mu 2002, patatha zaka 50 chijambulireni, John Williams uja anaiimba pa gitala ya classical m'chimbale chake The Magic Box, momwe mulinso nyimbo za Francis Bebey wa ku Cameroon. Nyimbo ya mnyamata wa m'tauni ya migodi inafika m'makutu a dziko lonse chifukwa wina anaijambula, wina anailemba, wina anaikonzanso.

Kwathu kuno tinali ndi Daniel Kachamba wa m'mudzi wa Singano ku Chileka, amene anabadwa mu 1947 n'kutisiya mu 1987. Ambiri timamukumbuka pamodzi ndi mng'ono wake Donald pa nyimbo za kwela, koma Daniel akakhala yekha ndi gitala ankachita zodabwitsa. Chala chachikulu chinkayendetsa besi, chamkombaphala chili pa nyimbo, ndipo ankachuna nsambo m'njira zakezake zimene m'buku la kusukulu mulibe. Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza anyamatawa akuimba mumsewu ku Blantyre mu 1967. Anawajambula mawu ndi kanema yemwe, n'kulemba buku lathunthu lonena za gulu lawo. N'chifukwa chake lero mwana wa ku Vienna akhoza kukhala pansi n'kumaona zala za Kachamba zikuyenda. Nanga Allan Namoko wa ku Thyolo, nanga Stonard Lungu, nanga mabanjo a m'misika mwathumu? Chuma chilipo chosayamba.

Chitsanzo chaposachedwa chili ku Cape Town. Derek Gripper anaphunzira gitala ya classical, za Bach zomwe. Kenako anamva zimbale za Toumani Diabaté wa ku Mali, katswiri wa kora, zeze wamkulu wa nsambo 21. Anakhala zaka akumvetsera, kubwereza ndi kulemba, mpaka anapeza njira yolongedzera nsambo 21 m'nsambo zisanu ndi imodzi. Chimbale chake One Night on Earth chinatuluka mu 2012. Toumani atamva ntchitoyi sanakwiye. Anamuitana ku Bamako kuti akaimbe pa chikondwerero cha nyimbo mu 2016. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sananame. Koma taonani maina amene ndatchulawa: Tracey, Rycroft, Kubik, Williams, Gripper. Onsewa tiwathokoze ndi manja awiri. Komabe mlendo amapita kwawo ndi kalumo kake, ndipo wotsala pamudzi ayenera kuphunzira kunola kake.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano tilowe m'ntchito yeniyeni. Kukonzanso nyimbo kuti ikwane pa gitala imodzi kuli ngati kuwoloka boda pa kabaza. Sunganyamule nyumba yonse. Umayamba wakhala pansi n'kusankha: ichi sindingachisiye, ichi ndikachipeza kutsidya, ichi chitsale. Wosadziwa kusankha amapachika zonse, njinga n'kuthyoka asanafike pa Mwami.

Titenge nyimbo ya pamtondo. Amayi awiri akusinja, misi ikusinthana, wina ukamatsika wina ukukwera. Mmodzi akutsogola nyimbo, mnzake akulandira. Muli mawu, mwina odandaula za apongozi, mwina za bambo amene anapita ku Joni osatumiza ndi kalata yomwe. Muli kupuma kwa munthu wotopa, muli kuseka. Woimba gitala ali ndi zala zinayi za kumanzere zodinira nsambo, ndi zinayi za kumanja zolizira: chachikulu ndi zitatu zotsatira, kachala kakang'ono kamangoonerera. Ndiye agawe ntchito. Chala chachikulu chitenge misi, pa nsambo zitatu zonenepa za pamwamba, ndipo chisaphonye ngakhale kamodzi, pakuti munsi ukaima nyimbo yafa. Ambiri amamasulako nsambo yonenepa kwambiri ija, kuitsitsa kuchoka pa E kufika pa D, kuti ilire mozama ngati mtondo weniweni. Wotsogola apite pa nsambo ziwiri zowonda za m'munsi. Wolandira akhale pakati, ndipo kuti womvera adziwe kuti uyu ndi munthu wina, dzanja lamanja lisunthe: pafupi ndi chibowo gitala imalira mofewa, pafupi ndi pomangirira nsambo imalira mouma, mwamphuno. Gitala ndi imodzi yomweyo, koma m'khutu mwalowa amayi awiri.

Katundu amene sangakwere kabaza ameneyu ndi mawu, ndipo apa ndi pamene pagona luso. Nyimbo zathu zambiri zimakwera ndi kutsika motsatira mmene timalankhulira. Ukasunga bwino kayendedwe kake, Mchewa amamva mawuwo m'mutu mwake ngakhale palibe wawatchula. Koma ukaiwongola kuti igwirizane ndi makodi atatu amene unaphunzira kukwaya, yasanduka nyimbo ina. Msampha wachiwiri uli m'manja. Pa magule athu ambiri, ng'oma ikamayenda pawiri, m'manja mumatha kuyenda patatu, zonse nthawi imodzi, ndipo kukoma kwa gule kuli pa kukokanako. Wophunzira amene anazolowera kuwerenga wani, thu, fili, folo amafuna kuzisalaza kuti zifanane, osadziwa kuti akupha gule.

Mayeso ake ndi apafupi. Ukamaliza, usathamangire ku Facebook. Pita kwa mayi amene unamva nyimboyo kwa iwo, ukaimbe pakhonde pawo osanena kuti ndi nyimbo yanji. Akaizindikira n'kulowa pamalo oyenera kulandira, wakhoza. Akakufunsa kuti, "Imeneyi ndiye iti, mwanangu?" bwerera ukayambirenso.

Pali nyimbo zina zosatola wamba. Boma lino lili pakati pa miyambo iwiri ikuluikulu. Mwezi wa Febuluwale, Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amawoloka kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, kwa mfumu yaikulu Mpezeni. Mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Nyimbo zomveka kumeneko zingadzaze zimbale makumimakumi, ndipo Gule Wamkulu bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Koma chuma chimenechi chili ndi eni ake. Nyimbo ya pabwalo, imene aliyense amaimva mbalule ikamalira, ndi ina; ya kudambwe ndi ina; ya kutsimba, ya anamkungwi, ndi inanso. Mnyamata wa gitala ayambe wagwada kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambo, afunse kuti iti ingatuluke, iti ikhale. Akakuletsa, waletsedwa basi. Zololedwa zokha n'zambiri moti moyo wako wonse sungazimalize.

Nyimbo ya munthu wodziwika nayonso ili ndi mwini, ngakhale mwiniyo ali kumanda. Kuno kuli bungwe la COSOMA, ku Zambia kuli ZAMCOPS, ndipo ntchito yawo ndi yoona kuti wopeka nyimbo, kapena ana ake, alandire kangachepe nyimbo ikamagulitsidwa kapena kuulutsidwa. Ukafuna kukonzanso nyimbo ya Kachamba, ya Nkhata, kapena A Phiri Anabwera imene Nashil Pichen Kazembe anaitchukitsa mbali zonse ziwiri za malire ano, pempha chilolezo, ndipo dzina la mwini likhale patsogolo, lako pambuyo. Tinaona mu 2020 Patience Namadingo atakhala pansi ndi agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Nyimbo zimene achinyamata ankati n'zachikale zinadzukanso, nyimbo ya Linny Hoo mpaka kufalikira pa TikTok m'maiko amene sadziwa n'komwe kuti ku Chiradzulu n'kuti. Msika wa nyimbo zakale ulipo, ndipo umakoma pamene mwini nyimbo akuoneka, akutchulidwa, akudya nawo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Wina ati, zonsezi n'zabwino, koma gitala ya nsambo za nayiloni ndiipeza kuti kwa Mkanda kuno? Zoona, ndi yosowa, ndipo nsambo ikaduka imodzi mwina mpaka ukafike ku Lilongwe, makilomita oposa 100, kapena uwoloke kupita ku Chipata. Koma kumbukirani kuti nayiloniyo ndi ya dzulodzulo. Segovia anaimba zaka zambiri pa nsambo za matumbo a nkhosa. Za nayiloni zinabwera nkhondo yachiwiri itatha, pamene Albert Augustine anayamba kuzipanga ku New York. Barrios ankakonda nsambo za chitsulo. Bosco ndi Kachamba ankaimba pa waya. Ndipo ndani wa ife amene sanaonepo mwana atakhala pachulu ndi gitala ya chigubu cha mafuta, khosi lake thabwa lotola kwa akalipentala, nsambo zake waya wosomola ku buleki ya njinga, zochunira zake timitengo tosema ndi mpeni? Pofuna kukweza mawu amamanga pensulo ndi mphira pakhosi pa gitalayo, ndipo imagwira ntchito yomwe ija ya kapo wa m'sitolo. Luso lokonza nyimbo limakhala m'khutu ndi m'zala. Yamba ndi chimene uli nacho.

Chenjezo kwa inu amene mwapeza gitala ya nayiloni, kaya pa kaunjika kaya kwa abale a ku Joni: musaikepo nsambo za waya. Waya amakoka mwamphamvu kuposa mmene gitalayo inapangidwira. Khosi limapindika, pomangirira nsambo pamazuka. Musaisiyenso padzuwa kapena pafupi ndi malata mwezi wa Okutobala, chifukwa guluu amafewa, thabwa n'kung'aluka. Zikhadabo za kumanja zisiyeni zitalikeko pang'ono n'kuzisalaza bwino. Za kumanzere muziwenga.

Kulemba nakonso tisakuope. M'makwaya athu, kuyambira ku Kachebere ndi ku Guillime mpaka ku timatchalitchi ta udzu ta m'malire, muli anthu odziwa solofa, ena odziwa ndi manotsi omwe. Mphunzitsi wa kwaya ndi mnyamata wa gitala atamakhala pamodzi masana a Lamulungu, mwezi usanathe nyimbo imodzi ikhoza kukhala papepala. Ofuna kupitirira pamenepo, ku Lilongwe kuli sukulu ya Music Crossroads, ku Zomba kuli University of Malawi komwe amaphunzitsanso zoimba. Ndipo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958, nyimbo za bangwe, za kalimba, za ng'oma, zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa, ndipo zina zinatulukanso pa ma CD. Wofuna kudziwa mmene agogo ake ankaimbira ali ndi poyambira.

Chotsatira ndi kujambula, chifukwa nyimbo yosajambulidwa imapita ndi mwini wake. Tracey ankayenda ndi galimoto yodzaza makina. Inu makinawo muli nawo m'thumba. Koma foni imafuna nzeru. Sankhani nyumba ya udzu kapena chipinda chokhala ndi makatani ndi matilesi, pakuti m'nyumba ya malata yopanda siling'i mawu amabwererabwerera. Jambulani m'mamawa, chigayo chisanalire, njinga zamoto zisanayambe kupikisana pamsewu wa kuboda. Tsekani netiweki kuti wina asakuimbireni nyimbo ili pakati. Foni ikhale pampando, kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pa gitala, italoza pamene khosi lakumana ndi thupi; mukailozetsa pachibowo mumangomva besi yokhayokha. Musanayambe, tchulani dzina lanu, tsiku, mudzi, dzina la nyimbo ndi amene munaimva kwa iwo. Timawu timeneto ndi timene tidzathandize mdzukulu wanu, kapena wofufuza wa m'tsogolo, kudziwa kuti nyimboyi inachokera kwa yani.

Nafenso a wailesi tili ndi mbali yathu. Nkhata anamveka chifukwa panali wailesi yomupatsa mpata. Lero ku Mchinji kuli Mudzi Wathu, ku Chipata kuli Breeze FM, ndipo alipo mawailesi ena ambiri omveka mbali zonse ziwiri. Mphindi 15 pa sabata za gitala yokha sizingagwetse siteshoni. Inunso anyamata obena nyimbo m'timashopu ta pa boda, amene mumadzaza mamemori khadi a madalaivala opita ku Lusaka, ku Beira ndi ku Nacala: mnzanu wa m'mudzi akakubweretserani nyimbo yake, gwirizanani naye za malipiro, muiike pamwamba pa mndandanda. Dalaivala woyenda usiku wonse amatopa nalo phokoso, ndipo ndi yemweyo amene angakaifikitse nyimboyo kumene mwini wake sanapondeko.

Ndiye ntchito ndi iyi, omvera. Pakati panu pali wina amene gitala yake inapachikidwa pamsomali chaka chatha, wina amene amangoimba makodi a kwaya, wina amene watha mabandulo kutsanzira nyimbo za ku Spain pa YouTube. Za ku Spain phunzirani ndithu, zimalimbitsa zala, zimatsegulanso mutu. Koma sabata ino pitani kwa agogo, kwa azakhali, kwa mkulu uja woimba kalimba kuseri kwa msika. Pemphani nyimbo imodzi yokha. Imvereni mpaka muziilota. Igaweni pa zala zanu, mukaiimbe kwa eni ake, akavomera muijambule, mubwere nayo kuno ku wailesi dzina la mwini lili pamwamba. Ife tidzaiulutsa, ndipo a ku Chipata adzatiuza ngati kwawonso amaiimba chimodzimodzi.

  

(NYIMBO YOTSEKERA)